Nsapato zimene ndinazipeza pakhomo

Sabata yathayi mnzanga wina wandilowetsa mu gulu la WhatsApp la anthu amene tinamalizira limodzi ku yunivesite, akuti tiyenera kukumana poti papita zaka zambiri. Ndiye mukudziwa mmene zimakhalira, aliyense wayamba kufukula zithunzi zakale, ena akuseka tsitsi lomwe tinkasunga nthawi imeneyo, ena akufunsa kuti kodi uje ali kuti masiku ano. Pa zithunzi zonsezo pali chimodzi chomwe chandisowetsa tulo. Ndi cha phwando lolandirira ife a chaka choyamba, takhala pa mipando mondondozana, aliyense watambalitsa miyendo mmene akufunira, koma ine ndekha ndapinda miyendo kuilowetsa kunsi kwa mpando. Munthu wongoona angati ndi kakhalidwe chabe. Ine ndikudziwa kuti ndinkabisa nsapato.

Sukulu yake ndi imodzi mwa zija zoti ukangoitchula anthu amasintha mawu polankhula nawe. Ndinalowa pa sikolashipu, fizi yonse yolipiridwa, chipinda cholipiridwa, ndi kandalama kena ka m'thumba mwezi ndi mwezi. Tsiku lomwe kalata inabwera amayi analira, ine ndinangoti basi zatheka, mavuto atha, poti tonse tikalowera pa geti limodzi ndiye kuti tafanana. Ndinkakhulupiriradi zimenezo ndi mtima wonse.

Sabata yoyamba yomweyo ndinazindikira kuti pali funso limodzi lomwe aliyense ankafunsa atangomva dzina lako, lakuti sekondale unaphunzira kuti. Poyamba ndinkayankha mosangalala, kenako ndinayamba kuona nkhope zawo, ankangoti "oho" n'kumwetulira mwaulemu kenako nkhani yathera pomwepo chifukwa sukulu yangayo sanaimvepo. Koma akafunsana okhaokha ndiye nkhani imayaka, uyu akudziwa msuweni wa uyu, uyo anasewera mpira ndi mkulu wake wa uyo, makolo awo anakumanapo kwinakwake pa holide. Anthuwa anafika akudziwana kale, ife tinafika tokhatokha ndi zikwama zathu. Patapita zaka ndinadzawerenga kuti ku Britain ana ophunzira m'sukulu zolipira zodula zija ndi pafupifupi 7 okha pa 100 alionse, koma sukulu imodzi yokha ya Eton yatulutsa nduna zazikulu 20 za dzikolo. Bungwe la Sutton Trust mu 2018 linapeza kuti sukulu 8 zokha zinatumiza ana ambiri ku Oxford ndi Cambridge kuposa sukulu zina pafupifupi 2,900 kuziphatikiza pamodzi. Nditaona manambala amenewo ndinakumbukira "oho" uja, ndinati eya, chimene ankandifunsa sichinali dzina la sukulu, ankafuna kudziwa kuti ndine wa kwa yani.

Anthu akamakamba za kusiyana kwa olemera ndi osauka pa sukulu zoterezi amathamangira kutchula magalimoto, mafoni, malaputopu ndi zovala. Zimenezo zinalipo inde, panali mnyamata wina yemwe anasintha galimoto kawiri tisanamalize chaka chachiwiri. Koma kunena zoona sizinkandipweteka kwenikweni, galimoto ya munthu umangoiyang'ana n'kudutsa. Chomwe chinkandilasa mtima ndi kumasuka kwawo. Ankayenda pa malo aja ngati ndi pakhomo pa agogo awo, opanda mantha ndi munthu aliyense, opanda kuganiza kawiri asanatsegule chitseko.

Mnzanga amene ndinkagona naye chipinda chimodzi ndiye anandionetsa zimenezi bwinobwino. Tsiku lina tinalandira asayimenti yoyamba, tonse sitinakhoze bwino. Ine ndinapinda pepala langa n'kulilowetsa m'buku, ndinadziuza kuti ndilimbikira ulendo wina. Iye anangonyamuka kupita kukagogoda ku ofesi ya pulofesa, anakhalako pafupifupi ola lathunthu, pobwera akundiuza kuti akambirana bwino, amufotokozera pomwe analakwitsa, amubwereka mabuku awiri ndipo amuuza kuti azibwera nthawi ina iliyonse. Ine ndinachita kakasi. Ndinamufunsa kuti aise, anakuitana? Iye anadabwa ndi funso langalo, akuti nanga maola aja analemba pa chitseko ndi a chani, si oti tizipita kukawaona? Ine maola amenewo ndinkawaona tsiku ndi tsiku koma ndinkaganiza kuti ndi nthawi yomwe akuluakuluwo ali pa ntchito yawo ndipo sitiyenera kuwasokoneza. Ndinakula ndikudziwa kuti mphunzitsi akakuitana ku ofesi ndiye kuti wapalamula, ndipo mwana waulemu safunsa chifukwa chomwe wapatsidwira malikisi ochepa. Chaka chathunthu chinatha ndisanagogodepo pa chitseko cha lekichala aliyense. Pomwe tinkafika chaka chomaliza, pofunika makalata otichitira umboni kuti tipeze ntchito kapena maphunziro ena, iye anali ndi mapulofesa anayi omudziwa ndi dzina, ine ndinali ndi m'modzi yemwe anachita kuyang'ana kaye pa kompyuta kuti andikumbukire.

Katswiri wina wa ku France wa za chikhalidwe cha anthu, Pierre Bourdieu, anafotokoza kuti chuma si ndalama zokha, palinso chuma china chomwe mwana amachitola pakhomo osadziwa n'komwe kuti akutola kanthu, kalankhulidwe, kudziwa nyimbo ndi mabuku omwe anthu apamwamba amawalemekeza, kudziwa mmene ungalankhulire ndi munthu waudindo osanjenjemera. Ndiye sukulu imadzatenga zimenezo n'kuzitcha nzeru. Bourdieu yemweyo anali mwana wa munthu wogwira ntchito ku positi ofesi kumudzi, anakalowa sukulu yapamwamba ya École Normale Supérieure ku Paris, ndiye ndimaona kuti ankalemba zinthu zomwe zinamuwawapo yekha.

Kenako pali nkhani ya mabodza. Ndinaphunzira kunama pa sukulu ija kuposa pena paliponse m'moyo wanga, ndipo sindikunyadira. Anzanga akati tiyeni tikadye kunja lero, ine ndimati ndadya kale, kapena ndili ndi asayimenti, kapena mutu ukundipweteka. Ulendo wina ndinalimba mtima ndinapita, ndinayang'ana pepala la zakudya kuyambira kumanja komwe kuli mitengo, ndinasankha chotchipa kuposa zonse ndi madzi basi, anzanga akuitanitsa izi ndi izo, botolo likatha lina, ndiye pomaliza wina anangoti tiyeni tigawane bilu mofanana zisatichedwetse. Palibe amene anali ndi cholinga choipa, kwa iwo inali njira yachidule chabe. Ine ndinalipira ndikumwetulira, ndalama yomwe imayenera kundifikitsa kumapeto kwa mwezi inathera pa tebulo lija usiku umodzi. Pobwerera iwo anakwera taxi, ine ndinati ndikufuna kuwongola miyendo, ndinayenda wapansi mumdima ndikuwerengera masiku otsala.

Ndipo kandalama ka m'thumba kaja sikanali kanga ndekha. Mwezi uliwonse gawo lina linkapita kunyumba, pena mng'ono wanga wabwezedwa kusukulu, pena amayi akufunika mankhwala. Anzanga ankaimbira makolo awo kuti ndalama zatha awonjezere, ine foni yochokera kunyumba ikalira mtima unkayamba wagunda kaye chifukwa ndimadziwa kuti mwina kwagwa vuto ndipo amene akumudalira ndi ine. Amayi sankapempha mwachindunji, ankangoti "mwanawanga tili bwino, usadandaule za ife, iwe limbikira sukulu", koma mawu awo ndinkawadziwa.

Ndinapeza kaganyu ku kafiteriya, kupukuta matebulo ndi kusonkhanitsa mbale madzulo. Ntchitoyo payokha sinali yovuta, chovuta chinali kuchotsa mbale pamaso pa munthu yemwe m'mawa munakhala limodzi m'kalasi mukutsutsana pa mfundo. Ena ankachita manyazi n'kuyamba kundithandiza kunyamula, zomwe zinkangowonjezera kuvuta, ena sankandiona n'komwe, ukavala epuloni ija umasanduka mbali ya chipupa. Amene ankandiona ndi amayi ndi abambo ogwira ntchito kukhitchini kuja, ankanditchula mwana wawo, ankandisungira chakudya chotsala, ndipo ndi iwo okha pa sukulu yonse ija omwe ndinkalankhula nawo osayamba ndasefa mawu. Zimenezi si zatsopano ayi. Isaac Newton amene timamuphunzira mu sayansi uja analowa ku Trinity College ku Cambridge mu 1661 ngati wophunzira wa gulu lotsika lomwe linkalipirira maphunziro awo potumikira ena, kuwaperekera zakudya ndi kuwagwirira tintchito. Zaka zoposa 300 zadutsa, mayina a zinthu anasintha koma wina akuperekerabe mnzake wa m'kalasi mbale.

Nthawi yomwe kusiyana kunkaonekera poyera ndi ya holide. Sabata yomaliza funso limasintha, aliyense akufunsa kuti ukupita kuti, ndipo mayankho ake ndi mayina a mayiko. Magalimoto amabwera, makolo akunyamula masutikesi, pofika Loweruka malo onse ali zii. Kafiteriya amatseka chifukwa amene anakonza kalendala ankaganiza kuti wophunzira aliyense ali ndi kopita komanso ndalama yoyendera. Tinkatsala ochepa, ndipo apa ndi pomwe pamandimvetsa chisoni kwambiri ndikakumbukira, chifukwa m'malo moti otsalafe tigwirizane, tinkazembana. Mukakumana pa khonde la hositelo mumangogwedezerana mutu aliyense n'kulowa kwake, chifukwa kucheza kukanatanthauza kuvomereza chomwe chatitsalitsa. Aliyense anali ndi bodza lake lokonzeratu, wina akuti ndatsalira kafukufuku, wina akuti ndimakonda kuwerenga kukakhala phee. Tonse tinkadziwana bwinobwino, kungoyang'ana jekete ya munthu umadziwa, koma palibe ankafuna kukhala woyamba kunena.

Panali mtsikana wina wa m'kalasi mwathu, wanzeru kuposa tonse, ndikunena mosakokomeza, ankamva zinthu lekichala asanamalize chiganizo. Naye anali wa sikolashipu. Chaka chachiwiri bambo ake anadwala kwambiri, anayamba kujomba kupita kukawasamalira, magiredi anatsika pang'ono kupyola pa mzere womwe opereka ndalama anaika, thandizo linaimitsidwa ndipo anachoka. Sanatsanzike aliyense, tinangoona bedi lake lilibe zofunda. Chaka chomwecho mnyamata wina wa pa hositelo pathu analephera maphunziro atatu chifukwa cha mowa, anaswanso chitseko cha galasi ataledzera, bambo ake analipira chitsekocho ndi chaka chobwereza, anamaliza mochedwa ndi chaka chimodzi ndipo pano ali pa udindo waukulu ndithu. Sindikumufunira zoipa, anali munthu wansangala ndipo mwina anasintha. Chomwe ndikunena n'chakuti iye anali ndi mpata wolakwitsa kangapo, mtsikana uja sanalakwitse n'komwe koma anagwa kamodzi basi osadzukanso. Ku Oxford kuli kagulu kotchedwa Bullingdon Club komwe kanatchuka ndi kuswa zinthu m'malo odyera kenako n'kulipira zowonongekazo, ndipo pa chithunzi chawo cha 1987 pali David Cameron ndi Boris Johnson, onse awiri anadzakhala nduna zazikulu za Britain. Ife tinkayenda ngati tasenza mazira pamutu, kuopa ngakhale kubweza buku la ku laibulale mochedwa.

Chomwe chinkandikwiyitsa kwambiri ndi manong'onong'o oti ife a sikolashipu tinalowa mwachifundo, kuti sukulu ioneke yabwino pa zithunzi. Wina ananenapo pamaso panga osadziwa kuti ndine m'modzi wa iwo. Ndinakhala nazo mumtima zaka zambiri, mwina n'zoona, mwina malo anga anali a wina. Kenako mu 2017 gulu la akatswiri a zachuma lomwe munali Raj Chetty linatulutsa zoti m'makoleji 38 a ku America, kuphatikizapo Yale ndi Princeton, ophunzira ochokera m'mabanja olemeretsetsa, 1 pa 100 alionse a pamwamba, anali ambiri kuposa ochokera m'mabanja onse 60 pa 100 a m'munsi. Mu 2023 anapezanso kuti ngakhale ana awiri atakhoza mofanana mayeso olowera, wa m'banja lolemeretsetsa uja mwayi wake wophunzira m'sukulu zapamwambazi umaposa kuwirikiza kawiri wa mwana wa m'banja lapakatikati, ndipo zina mwa zifukwa zake ndi kukondera ana omwe makolo awo anaphunzira pomwepo komanso malo osungira a masewero. Ndipo mu 2019 kunaphulika nkhani ya Rick Singer yemwe ankalandira ndalama kwa makolo olemera kuti alowetse ana awo mwachinyengo. Wosewera m'mafilimu Lori Loughlin ndi mwamuna wake analipira madola 500,000 kuti ana awo awiri alowe ku University of Southern California ngati opalasa bwato pomwe sanali a masewerowo, Felicity Huffman, nayenso wosewera m'mafilimu, analipira madola 15,000 kuti wina akonze mayankho a mwana wake pa mayeso olowera ndipo anagamulidwa kukhala m'ndende masiku 14. Nditamva zimenezi sindinasangalale ayi, ndinangomva kutopa, kuganiza zaka zonse zomwe ndinadzikayikira ndekha pomwe amene ankatinena aja sanadzifunsepo n'kamodzi komwe kuti iwo analowa bwanji.

Koma ndisanamizire anthu, si onse anali odzikuza, ndipo mnzanga wa m'chipinda uja anali munthu wabwino zedi. Ankalimbikira sukulu mpaka usiku, ankandibwereka laputopu yake osawerengera, ndipo naye anali ndi zake zomuwawa, bambo ake ankatumiza ndalama koma chaka chonse sanamuimbirepo kungomufunsa kuti wadzuka bwanji, ndinamumvapo akulira usiku akuganiza kuti ndagona. Ndiye tsiku lina nyengo yamvula ndikuchokera ku kafiteriya ndinapeza bokosi pakhomo pa chipinda chathu, lolembedwa dzina langa, mkati muli nsapato zatsopano zakuda, saizi yanga yeniyeni. Panalibe kalata. Ndinadziwa pompo kuti ndi iye chifukwa ndi yekhayo amene ankaona ndikuyanika masokosi usiku uliwonse ndi kuika kapepala kolimba mkati mwa nsapato zanga zobooka zija.

Ndinakwiya koopsa, mpaka manja ankanjenjemera. Ndinakankhira bokosilo kunsi kwa bedi ndipo kwa masabata awiri ndinkangomuyankha mawu amodziamodzi. Iye anapirira kenako anandifunsa kuti aise ndakulakwira chani. Ndinamufunsa kuti anakuuza ndani kuti ndikufuna nsapato. Anati palibe, ndinangoona kuti zako zikulowa madzi. Ndipo mawu amenewo ndi omwe anandipweteka kuposa bokosilo, kuti ndinangoona, chifukwa ine chaka chonse ndinkakhulupirira kuti ndabisa bwino, kupinda miyendo kunsi kwa mipando, kukhala kumbuyo, kuzipaka polishi m'mawa uliwonse, osadziwa kuti zonse zili poyera. Ndiye ngati iye waona, ndi angati ena aona n'kungokhala chete?

Patapita nthawi yaitali ndinadzamva za Samuel Johnson, uja analemba dikishonale yotchuka ya Chingerezi mu 1755. Analowa ku Pembroke College ku Oxford mu 1728 ali wosauka, nsapato zake zinang'ambika mpaka mapazi kuonekera, wina anamuikira zatsopano pakhomo pake ndipo iye anazitaya mokwiya. Anachoka pa sukulupo patangotha chaka ndi kanthawi pang'ono opanda digiri chifukwa ndalama zinatha. Ambiri akamva nkhaniyi amati kunali kunyada, ine ndimamumvetsa bwino munthu ameneyu. Ukakhala pakati pa anthu oti ali ndi zonse, chomwe watsala nacho ndi choti sunapemphe kanthu kwa munthu, ndiye mphatso ija ngakhale ibwere ndi mtima wabwino chotani imakulanda chimenecho.

Ine sindinazitaye. Zinakhala kunsi kwa bedi miyezi yambiri, ndinadzazivala koyamba tsiku la intavyu chaka chomaliza, ndinazivalanso pa tsiku lolandira digiri. Tsiku limenelo amayi anabwera atavala zovala zawo zabwino kuposa zonse, koma ndinawaona akudzichepetsa pamaso pa makolo a anzanga, akulankhula motsitsa mawu, akupepesa pomwe sanalakwe, ndipo atakhala pa mpando anapinda miyendo kuilowetsa kunsi ngati mmene ndinachitira ine pa chithunzi chija. Mayi ake a mnzanga uja anawapatsa moni mwansangala n'kuwauza kuti mwana wanu ndi wanzeru kwambiri, amayi anangoti "zikomo kwambiri, mwatisungira mwana", ngati kuti anthuwo ndi amene anandiphunzitsa. Ndinawagwira dzanja tsiku lonse osawasiya, koma ndikuvomereza kuti mphindi ina pomwe ankalankhula ndinamva kamanyazi mumtima, ndipo kamanyazi kameneko sindinadzikhululukirebe mpaka lero, chifukwa ndi chinthu chomwe sukulu ija inandiphunzitsa popanda kuchilemba pa ndandanda wa maphunziro.

Dzulo ndinamutumizira mnzanga uja chithunzi cha phwando chija payekha, timalankhulanabe mwa apo ndi apo. Ndinamufunsa ngati akukumbukira za nsapato zija. Anayankha mwachangu, ndi tizithunzi toseka, akuti nsapato ziti aise? Ndinamukumbutsa zonse, bokosi, mvula, masabata awiri osalankhulana. Anati za kusalankhulanako akukumbukira pang'ono koma ankaganiza kuti inali nkhani ya mtsikana. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana foni, chinthu chomwe ine ndachinyamula zaka zonsezi kwa iye chinali tsiku wamba lopita kukagula zinthu.

Ku gulu kuja sindinayankhebe ngati ndipita kapena ayi, asankha hotela ndipo ayamba kale kulemba mayina a amene alipira. Ndayang'ana mndandanda wa anthu onse a m'gululi kawiri, mtsikana wanzeru uja mulibe, poti ndi gulu la amene anamaliza. Ndafunsa anthu atatu ngati ali ndi nambala yake, awiri sakumukumbukira, wachitatu wati afunsa kwa msuweni wake ndipo andiuza mawa.